Momwe mungayendere ulendo wa masiku angapo m'phiri la Mulanje n'kumagona komweko

Ambiri amene amapita ku Mulanje amathera pa Dziwe la Nkhalamba, kumene amasamba, kujambulitsa ndi kubwerera dzuwa lisanalowe. Koma pamwamba pa phirili pali zidikha zikuluzikulu za udzu, mitsinje ya madzi ozizira ndi nsonga zambiri, ndipo yaitali pa zonse ndi Sapitwa, ya mamita 3,002. Munthu angathe kuyenda kumeneko masiku asanu osabwereza njira, kuyambira ku Likhubula mpaka kukatsikira ku Fort Lister, mbali ya ku Phalombe. Ulendowu sufuna mphamvu zodabwitsa, chifukwa chimene chimavulaza anthu m'phirili kawirikawiri si kutalika kwake ayi, koma kuzizira ndi nkhungu, ndipo kukonzekera kwanu konse kuyenera kuyang'ana pa ziwirizi.

Choyamba, sankhani mwezi woyenera

M'nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka mu Marichi, matanthwe amaterera ndipo kamtsinje kamene mwaoloka m'mawa madzi akulekeza m'mapazi kangathe kukutsekerezani masana. Amene amakumbukira napolo wa ku Phalombe wa mu 1991 ndi namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 akudziwa zimene madzi a m'mapiri amenewa amachita. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti njira zimakhala zouma, koma imeneyi ndiyonso nyengo ya chiperoni, nkhungu ya mvula yamawawa yochokera ku Mozambique, imene ingakute phiri masiku awiri kapena atatu osayera, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa pa udzu. Mu Seputembala ndi Okutobala kumatentha pokwera, utsi umabisa malo okongola, komanso moto wolusa umakhala wosasowa. Kwa munthu woyamba kumene, Meyi ndi Ogasiti ndiyo miyezi yabwino, malinga ngati waika tsiku limodzi lapadera loti angathe kudikira nyengo itaipa.

Chachiwiri, pezani wokutsogolerani ndipo mulembetse

Kuchokera ku Blantyre, mutsike pa Chitakale, kufupi ndi boma la Mulanje, n'kulowera msewu wa ku Phalombe mpaka ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya Dipatimenti ya Zankhalango. Kumeneko mumalipira ndalama yolowera m'nkhalango ndi yogonera, mumanena njira imene mudzatsate, ndipo mumapeza otsogolera alendo ndi onyamula katundu odziwika ku ofesiyo. Gwirizanani mtengo wa tsiku lililonse musananyamuke, kulemera kwa katundu amene aliyense adzasenze, ndiponso amene adzagule chakudya chawo, chifukwa nkhani zimenezi zikayamba kukambidwa muli kale pamwamba zimawononga ulendo. Tengani ndalama m'manja, popeza netiweki ya foni imapezeka mwa apo ndi apo, ndipo simungadalire Airtel Money kapena Mpamba.

Ena amaona ngati kulipira wotsogolera m'phiri la dziko lawo lomwe n'kutaya ndalama. Maganizo amenewa ndi olakwika. Nkhungu ikatsika munthu saona ngakhale mnzake amene ali patsogolo pake, ndipo pa thanthwe palibe mapazi a anthu oti muwatsate. Mu 2009 mlendo wina wochokera ku Brazil anasiya womutsogolera kuti akafike yekha pa Sapitwa, ndipo anapezeka atamwalira patapita masabata oposa awiri. Pamwamba pa zonsezi, siyani uthenga kwa wachibale kunyumba wonena njira yanu ndi tsiku limene mudzatsike.

Chachitatu, longedzani ngati mukupita kumalo ozizira

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amanyamuka ku Likhubula thukuta lili kamukamu n'kumaganiza kuti juzi ndi katundu wolemetsa chabe. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, choncho pa Sapitwa pangazizire ndi madigiri oposa khumi kuyerekeza ndi kumunsi, mphepo isanawonjezerepo zake. Mufunika jekete yosalowa madzi, juzi yochindikala, chipewa chofunda makutu, masokosi okwanira, ndi zovala zina zouma zoti muzivala usiku wokha. Thalauza la jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa zimachedwa kuuma ndipo zimachotsa kutentha m'thupi, motero ndi bwino kusankha zovala zamasewera zopepuka, zimene zimapezeka mosavuta pa kaunjika. Zonse zimene siziyenera kunyowa, makamaka chofunda ndi machesi, zikulungeni m'mapepala apulasitiki musanaziike m'chikwama, ndipo zolemera zikhale kufupi ndi msana.

Nsapato zikhale zogwira pansi ndiponso zozolowera phazi lanu. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza tsiku loyamba lomwe, ndipo mukangomva pena pakutentha pa chidendene, imani nthawi yomweyo mumatepo pulasitala thuza lisanatuluke. Musaiwale tochi yovala pamutu ndi mabatire ena, wezulo, bandeji, mankhwala ochepetsa ululu ndi timapaketi ta Thanzi ORS.

Pa chakudya, nyamulani zouma zosachedwa kupsa: ufa, mpunga, usipa, soya, mtedza wokazinga, chiponde, tiyi ndi shuga wambiri. Nyemba zisiyeni, chifukwa pamalo okwera madzi amawira asanatenthe mokwanira ndipo zimamaliza nkhuni zisanafewe. Madzi a m'mitsinje ya pamwamba ndi oyera, komabe otunga kumunsi kwa nyumba zogonamo muziwawiritsa kapena kuthiramo klorini.

Chachinayi, gawani njira molingana ndi malo ogona

M'phirili muli nyumba zogonamo alendo, monga Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Minunu, Madzeka ndi Sombani, ndipo iliyonse ili ndi mlonda amene amathandiza pa nkhuni ndi madzi. Tsiku loyamba mungakwere kuchokera ku Likhubula kupita ku Chambe, kudzera njira ya Skyline, imene ndi yachidule koma yachitunda kwambiri, kapena ya Chapaluka, imene imatsata mtsinje. Ndi ulendo wa maola atatu kapena anayi, ndipo ndi bwino kuuyamba m'mamawa dzuwa lisanakule. Tsiku lachiwiri mupite ku Chisepo, patsinde pa Sapitwa, ndipo lachitatu likhale lokwera nsongayo ndi kubwerera. Lachinayi mudutse pa Thuchila n'kukagona ku Chinzama, kenaka lachisanu mudzere ku Sombani ndi kutsikira ku Fort Lister.

Tsiku la Sapitwa ndi losiyana ndi ena onse. Katundu wolemera amatsala ku Chisepo, chifukwa njirayo ndi yokwawa pa matanthwe, yopyola m'mipata ya miyala ndi m'zitsamba zothithikana, ndipo kupita ndi kubwera kumatenga maola asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu. Gwirizanani nthawi yobwerera musananyamuke, ndipo ikakwana mutembenuke ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Wotsogolera akanena kuti lero sikuyenda, mumvereni, ngakhale kumwamba kukuoneka koyera kwa inu.

Chachisanu, imikani tenti pamalo oyenera

Amene akufuna kugona m'tenti afunse ku ofesi malo amene ndi ololedwa. Malo osavuta ndi pafupi ndi nyumba zogonamo, popeza pali madzi, chimbudzi ndi pothawira nyengo ikasintha. Fikani dzuwa likadalipo, chifukwa m'miyezi yozizira mdima umagwa isanakwane 6 koloko. Musamange m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje kapena m'khwawa louma, ngakhale mchenga wake ukhale wosalala motani, pakuti mvula yogwa kumtunda kumene simukuona imatsika ndi madzi usiku. Pewaninso pansi penipeni pa chigwa, pamene mpweya wozizira umasonkhana, ndi pamsana pa chitunda, pamene mphepo imazula zikhomo. Sankhani pokwera pang'ono, kuseri kwa mwala kapena zitsamba, yang'anani ngati palibe mzere wa linthumbu, ndipo khomo la tenti lifulatire mphepo. Pansi pamaba kutentha kwa thupi kuposa mpweya, choncho kamatiresi kopyapyala koyala n'kofunika mofanana ndi chofunda.

Musaphikire m'kati mwa tenti kapena kulowetsamo mbaula ya makala, chifukwa mpweya wake umapha munthu ali m'tulo. Kunja nako musasonkhe moto pa udzu. Moto wolusa, pamodzi ndi kudula mitengo mozembera malamulo, ndiwo watsala pang'ono kumaliza mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo mbande zimene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala zingapse ndi moto wa munthu mmodzi wofuna kuwiritsa tiyi. Gwiritsani ntchito kasitovu ka gasi kapena phikirani pa malo a moto a m'nyumba zogonamo. Kumene kulibe chimbudzi, kumbani kadzenje kutali ndi madzi n'kukwirira bwino, ndipo zitini, mabotolo ndi mapulasitiki onse mutsike nazo. Kwa anthu ambiri a m'derali phirili ndi malo a mizimu ya makolo, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse, choncho wotsogolera akapempha kuti pena musachite phokoso, chitani zomwezo.

Nkhungu ikakupezani panjira

Imani pamodzi ndipo wina asapatuke kukafufuza njira yekha. Valani zofunda musanayambe kunjenjemera, idyani kanthu, ndipo ngati njira yasoweka, bisalani kuseri kwa thanthwe kapena imikani tenti n'kudikira kuti kuyere. Mnzanu akayamba kudzandira, kulankhula zosamveka kapena kusiya kunjenjemera pamene kukuzizirabe, dziwani kuti thupi lake lazizira moopsa. Muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumufunditse atagona pa choyala, ndipo ngati akutha kumeza mumupatse tiyi wotentha wa shuga. Mowa musamupatse, chifukwa umatulutsa kutentha m'thupi ngakhale womwayo amamva ngati wafunda.

Potsika

Matsitso a ku Fort Lister amapweteka mawondo, ndipo anthu ambiri amagwa pa tsiku lomaliza chifukwa cha kutopa ndi changu chofuna kufika. Yendani ndi ndodo, mangitsani zingwe za nsapato kuti zala zisamagunde kutsogolo, ndipo fupikitsani mapazi pamalo a timiyala. Galimoto kapena njinga yamoto yokufikitsani ku Phalombe muikonzeretu musanakwere phiri, ndipo pa malipiro a okutsogolerani ndi onyamula katundu muwerengerepo ndalama yoti abwererere ku Likhubula.