Momwe mungasankhire foni ya tachi ya kamera yabwino ndi kuiyatsira intaneti musanachoke pashopu

Mwezi watha ndinaperekeza achemwali anga ku Limbe kukagula foni. Iwowa amagulitsa kaunjika ku Ndirande ndipo makasitomala awo ambiri amawapeza pa WhatsApp status, ndiye kwa iwo kamera ndiye khasu lawo, chithunzi cha diresi chikatuluka mbuu basi tsiku limenelo palibe wofunsa mtengo. Tinathera pafupifupi maola atatu tikulowa shopu iyi kutuluka shopu iyo, ndipo zomwe ndinaona zinandikhudza, anthu akutulutsa ndalama zambirimbiri kungoyang'ana kuti kumbuyo kwa foni kuli timaso tingati. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti mafoni anakwera koopsa, munthu sungagule lero mawa n'kukagulanso ina. Ndiye ndati ndilembe zomwe ine ndimachita ndikamasankha foni, mpaka intaneti itayaka.

Yambirani kunyumba, musanakwere minibasi

Khalani pansi mudzifunse kuti foniyi ndikufuna izindichitira chani. Wa bizinesi ya pa status akufunika kamera ndi malo ambiri osungira zithunzi. Mwana wa ku MUBAS kapena wa sukulu ina iliyonse akufunika batire yolimba ndi sikirini yokulirapo yowerengera ma PDF. Agogo akufunika sipika yomveka ndi zilembo zazikulu, basi. Mukapita osadziwa chomwe mukufuna wogulitsa ndi amene akusankhireni, ndipo akupatsani yomwe yakhalitsa pashelefu.

Tengani simukhadi yanu, chiphaso cha unzika, ndipo simuyo muigulire kabandulo kakang'ono mukadali kunyumba. Muona pansipa chifukwa chake.

Manambala atatu oti muone mu Settings, osati pabokosi

Foni ikaikidwa m'manja mwanu lowani mu Settings kenako About phone. Onani RAM, Storage ndi Android version. RAM ndi imene imachititsa kuti foni isamaime mukatsegula zinthu zingapo nthawi imodzi. Ya 2GB imavutika mukakhala ndi WhatsApp, Facebook ndi TikTok limodzi, ine ndimalangiza kuyambira 4GB ngati thumba likulola, 3GB ngati zavuta. Chenjerani ndi zolemba pabokosi zoti 4GB+4GB kapena "up to 8GB", theka linalo ndi malo ongobwereka ku storage, RAM yeniyeni ndi 4GB yoyambayo.

Storage ya 32GB imadzadza msanga chifukwa Android yokha imadya gawo lalikulu musanaikemo kanthu. 64GB ndi poyambira pabwino, 128GB ndiye mtendere, makamaka ngati muli m'magulupu a mpingo, a banki m'khonde ndi a kumudzi omwe amatumiza mavidiyo usana ndi usiku. Pa Android version, dziwani kuti WhatsApp inasiya kugwira pa mafoni a pansi pa Android 5 mu 2023 ndipo amangokwezabe malire, ndiye foni yakalekale ngakhale itchipe bwanji isiyeni. Batire nayo onani, mafoni ambiri a Tecno, itel, Infinix, Redmi ndi Samsung ya ma A amabwera ndi 5000mAh, ndipo ndi mmene magetsi amazimira muno musatsike kwambiri pansi pa pamenepo.

Apa ndinenepo zomwe zinandigwera zaka zingapo zapitazo. Ndinagula foni kwa mnyamata wina wongoyenda nazo m'manja m'tauni, yowala bwino, About phone ikunena kuti 128GB. Sabata isanathe inayamba kulemba kuti storage yadzadza ndili ndi zithunzi zosakwana 300. Wokonza mafoni atayiyang'ana anandiuza kuti ndi feki, manambala aja anachita kulembamo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuyambira pamenepo ndimaikamo ka app kotchedwa CPU-Z kapena AIDA64 pomwepo pashopu kuti ndione ngati zomwe ikunena zikugwirizana ndi za pabokosi, ndipo wogulitsa akakana kuti ndiyese ndimangobweza foni yake n'kumapita.

Kamera muiyese nokha, m'malo amdima

Apa ndiye pamene anthu ambiri amapusitsidwira. Ma megapixel ambiri satanthauza chithunzi chabwino. Mafoni ambiri olembedwa 50MP amaphatikiza timadontho tinayi kukhala kamodzi, ndiye chithunzi chomwe mumapeza mukangojambula wamba chimakhala cha pafupifupi 12MP, ndipo mukachitumiza pa WhatsApp chimachepetsedwanso. Timaso tina ta kumbuyo tija timakhala ta 2MP tongothandizira, kamera yeniyeni imene ikugwira ntchito ndi imodzi. Ndaonapo Samsung kapena iPhone yakale ya 12MP ikuposa foni yatsopano ya timaso tinayi.

Ndiye chitani chonchi. Sankhani mafoni awiri kapena atatu omwe ali pa mtengo womwe mungathe, mujambule chinthu chimodzimodzi ndi onsewo. Ife tinatenga chitenje cha achemwali chofiira chamaluwa achikasu n'kuchiyala pakauntala. Foni yoyamba inachisandutsa cha olenji, yachiwiri inatulutsa mtundu wake weniweni mpaka ulusi wa m'mphepete kuoneka. Kwa munthu wogulitsa zovala zimenezi ndi nkhani yaikulu, kasitomala akabwera n'kupeza mtundu wosiyana ndi wa pachithunzi amabwerera ndi ndalama zake.

Kenako pemphani kuti mujambule pakona pamdima, kuseri kwa kauntala kapena pafupi ndi chitseko cha kusitolo. Panja padzuwa foni iliyonse imajambula bwino, mayeso enieni ndi m'nyumba madzulo pa babu limodzi. Chithunzicho chikulitseni ndi zala ziwiri muone ngati chili ndi timchengamchenga kapena nkhope yasalala ngati yopaka sera. Jambulani munthu wakhungu lakuda ataima pakhomo kuwala kuli kumbuyo kwake, foni yabwino imaonetsabe nkhope, yofooka imangotulutsa mthunzi. Musaiwale kamera yakutsogolo, ndipo muzimitse kaye Beauty mode kuti muone zoona zake. Pomaliza tengani vidiyo ya masekondi 20 mukuyenda ndi kuyankhula, muimvere ngati mawu akumveka komanso ngati sikugwedera kwambiri.

Sikirini ndi tachi

Kwezani kuwala mpaka pamapeto mutuluke nayo pakhomo, ngati simukuona zolemba padzuwa la Blantyre la mu Okutobala muzivutika tsiku lililonse. Poyesa tachi, gwirani ka icon kamodzi osakasiya mukayendetse m'makona onse anayi ndi pakati, kakangothawa chala pamalo ena ndiye kuti pamenepo tachi inafa. Pa Samsung zambiri mukhoza kuimba *#0*# n'kusankha Touch, imakupatsani timabokosi toti mudutsemo ndi chala. Pa foni yogwiritsidwapo kale ntchito yang'anani m'mphepete mwa sikirini ngati pali guluu kapena kampata, chimenecho ndi chizindikiro choti inasinthidwapo.

IMEI ndi lisiti

Imbani *#06#, patuluka nambala ya manambala 15, imeneyo ndi IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo. Ifanane ndi ya pabokosi, ndipo wogulitsa ailembe palisiti pamodzi ndi tsiku ndi masiku a waranti. Izi musazitenge mopepuka abale, foni yakuba ikalondoledwa apolisi amafikira amene ali nayo m'manja, ndipo lisiti ndi limene limakuyankhulirani. Ngati ndi yakale onetsetsani kuti mwini wake wachotsamo akaunti yake ya Google kapena iCloud pamaso panu, mukapanda kutero tsiku lomwe mudzaifomate idzafuna pasiwedi ya munthu amene simudzamuonanso. Ma Huawei ambiri otuluka 2019 itadutsa alibe Play Store, ndiye funsani kaye.

Tsopano intaneti

Simukhadi ija ikani pomwepo pashopu. Mafoni ena obwera kuchokera ku Joni kapena ku UK amakhala otsekeredwa ku netiweki ya kwawoko ndipo simu ya TNM kapena Airtel amaikana, ndi bwino mudziwire pompo ndalama zikadali m'thumba. Ngati mukugula simu yatsopano iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso chanu, MACRA inalamula zimenezi kuyambira 2018, ndipo lembetsani m'dzina lanu osati la mnansi chifukwa Mpamba kapena Airtel Money yanu idzakhala pa nambala yomweyo.

Nthawi zambiri mukangoika simu n'kuyatsa Mobile data intaneti imayamba yokha. Tsitsani sikirini kuchokera pamwamba, dinani timivi tiwiri ta Mobile data, muone ngati pafupi ndi netiweki patuluka chilembo. E ndi yochedwa kwambiri, H kapena H+ ndi 3G, 4G kapena LTE ndiye yomwe tikufuna. Ngati foni ili ndi masimu awiri lowani mu Settings pa SIM cards musankhe simu yoti izipereka data, anthu ambiri amagula bandulo pa simu iyi pomwe foni ikufunafuna data pa simu inayo, kenako n'kumati foni ndi yowonongeka.

Chilembo chija chikapanda kutuluka ndiye kuti muyenera kuika pamanja APN, dzina limene foni imalumikizira nalo ku intaneti ya netiweki yanu, ndipo si zovuta ayi. Pa Samsung pitani Settings, Connections, Mobile networks, Access Point Names. Pa Tecno, itel ndi Infinix pitani Settings, pomwe pali za SIM ndi Network, dinani simu yanuyo, mupeza Access Point Names. Mayina amasiyanako pang'ono malinga ndi foni, mukasochera ingolembani APN pa kabokosi kofufuzira ka pamwamba mu Settings. Mukafika dinani Add kapena chizindikiro cha +. Pa Name lembani chilichonse, kaya TNM kaya Airtel. Pa APN lembani internet, zilembo zing'onozing'ono, osasiya mpata kutsogolo kapena kumapeto. Username ndi Password musalembepo kanthu, Proxy ndi Port chimodzimodzi. MCC ikhale 650, imeneyo ndi nambala ya Malawi, MNC ikhale 01 pa TNM ndi 10 pa Airtel, koma izi kawirikawiri foni imadzaza yokha ndiye musazigwire ngati zilipo kale. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amangodina batani lobwerera m'mbuyo osasunga. Dinani timadontho titatu ta pakona musankhe Save, kenako mudine kabwalo ka pambali pa APN yatsopanoyo kuti isankhidwe. Yatsani Airplane mode kwa masekondi khumi n'kuzimitsanso. Pa iPhone njira yake ndi Settings, Mobile Data, Mobile Data Network, n'kulemba internet yemweyo pa APN.

Pamenepo onaninso Preferred network type kapena Network mode, ikhale pa 4G/3G/2G auto. Mukaikakamiza pa 4G yokha, tsiku lopita kumudzi ku Thyolo kapena ku Neno komwe 4G ili yofooka foni ikhoza kukhala chete anthu osakupezani.

Bandulo

Pa Airtel imbani *301#, pa TNM *200#, kapena gulani kudzera pa Airtel Money *211# ndi Mpamba *444#. Werengani bwinobwino musanadine, chifukwa mabandulo ena ndi a WhatsApp yokha kapena Facebook yokha, ena ndi a usiku okha. Achemwali anga tsiku loyamba anagula ya WhatsApp n'kumadabwa kuti Play Store bwanji ikungozungulira. Poyamba penipeni foni yatsopano imafuna bandulo wamba yotsegula chilichonse, chifukwa muyenera kulowa mu akaunti ya Google ndi kudawuniloda ma app. Komanso musayatse data muli ndi mayunitsi okhaokha opanda bandulo, amatha ngati madzi a m'lichero.

Tsekani mipata yomwe data imathawira

Foni yatsopano ndi yadyera pa data, ndiye musanayambe kucheza chitani izi. Mu Play Store dinani kachithunzi kanu pakona, Settings, Network preferences, Auto-update apps, musankhe kuti izichita pa Wi-Fi pokha kapena isamachite yokha. Mu WhatsApp pitani Settings, Storage and data, pa When using mobile data chotsani zonse makamaka Videos, kuti muzisankha nokha choti mudawunilode. Gulupu limodzi la maliro kapena la ukwati likhoza kukuthetserani bandulo ya sabata tsiku limodzi. Pa Facebook zimitsani Autoplay, kapena ngati foni ndi ya RAM yochepa ikani Facebook Lite. Yatsaninso Data Saver mu Settings, ndipo pa Data usage muziyang'ana nthawi ndi nthawi app yomwe ikudya kwambiri.

Hotspot nayo iikeni pasiwedi yanuyanu yolimba tsiku lomwelo. Ife a m'nyumba za mdadada ku Zingwangwa, Bangwe kapena Chilomoni tikudziwa kuti khoma silitchinga Wi-Fi, mukaisiya yotsegula ana a pakhomo loyandikana alumikiza ndipo mudzangolandira uthenga woti bandulo yatha. Mukamaliza kugawira munthu izimitseni, imadyanso batire.

Mukachita zonsezi koma intaneti osabwerabe, yesani simu yanuyo mu foni ya mnzanu. Ikagwira kumeneko vuto ndi foni, bwererani nayo kushopu ndi lisiti lija tsiku lomwelo. Ikakananso kumeneko vuto ndi simu, mwina ndi yakalekale yosagwira 4G, pitani ku ofesi ya netiweki yanu m'tauni kapena ku Limbe ndi chiphaso chanu akakusinthireni, nambala imakhala yomweyo.