Amayi, kutentha thupi konse si malungo

Chilimwe chino ndaona chinthu chimodzimodzi kusikimu ya mpunga ya Likangala, ku Jali ndi pamsika wa Songani, m'boma la Zomba. Mayi wa zaka za m'ma 40 kapena 50 akangomva kutentha kukukwera kuchokera pachifuwa kufika kumaso, thukuta lili kamukamu, amatuma mwana kukagula mankhwala a malungo kugolosale. Kuyezetsa ayi. Mawa lake kutentha kuja kukabweranso, amagulanso ena.

Amayi, nthawi zambiri chimenechi ndi chizindikiro chakuti mwayandikira kusiya kusamba. Ambiri zimawafikira pakati pa zaka 45 ndi 55, mahomoni a estrogen, amene amathandiza kuyendetsa msambo, akamachepa m'thupi. Kutentha kwake kumabwera mwadzidzidzi n'kutha pa mphindi zochepa, pomwe malungo sachita choncho.

Ndipo ntchito imene mumagwira imasonkhezera vutoli. Wolima ndime ya ganyu dzuwa lili paliwombo, wokazinga mandasi pachiwaya tsiku lonse, mphunzitsi woimirira m'kalasi yamalata mu Okutobala, onsewa alibe mwayi wothawira pamthunzi kukawatenthera. Usiku thukuta limawadzutsa, m'mawa amalawirira asanagone mokwanira, khasu n'kumalemera. Kandalama ka ganyuko kamathera pa mankhwala a matenda amene alibe. Choopsa n'chakuti tsiku limene malungo enieni adzabwere adzawanyozera, n'kumati ndi zija zomwe.

Mayi wina wolima mpunga anandiuza kuti iye anafika mpaka kwa asing'anga. Kumeneko anamuuza kuti woyandikana naye munda wamulodza chifukwa cha mkangano wa madzi a mumngalande. Nkhuku inapita, chinansi chinatha, kutentha kunali pomwepo. Kodi manyazi akuti za msambo sakamba tidzawasiya liti? Inu abambo, ndi inu olemba aganyu, mayi akapempha kupuma pang'ono musathamangire kumutcha waulesi.

Tsono chitani izi. Thupi likatentha kayezetseni magazi a pachala kuchipatala chapafupi musanamwe chilichonse. Lawirirani kumunda, muweruke dzuwa lisanakwere, tengani madzi akumwa, valani zopepuka, ndipo pachiwaya muzisinthana. Zakulera musasiye musanafunse anamwino, chifukwa msambo wodumphadumpha sutanthauza kuti simungaime. Mukatha chaka chathunthu osasamba kenako n'kuonanso magazi, pitani msanga mukayezetse chiberekero ndi khomo lake, kaya kuchipatala chakwanu kaya ku Zomba Central Hospital.