Kupima felemu ya njinga yamoto isanakuthyokereni panjira

Pa siteji ya kabaza pa Lizulu kapena pa Dedza boma, mkangano wa mafelemu sutha. Ena amati Yamaha AG 200 ndi DT 125 ndiye zachitsulo chenicheni, ena amaikira kumbuyo Lifo kuti ikusenza kachewere wa ku Tsangano tsiku ndi tsiku. Eni njinga zikuluzikulu za maulendo ataliatali nawo ali ndi mkangano wawo. Pa Yamaha Ténéré 700, mbali ya felemu yonyamula chishalo ndi yowotcherera kumodzi ndi felemu yonse, pomwe pa Honda Africa Twin kuyambira 2020 mbali imeneyi ndi ya aluminiyamu yomanga ndi mabawuti. Yowotcherera ikapindika pangozi, vuto lakhudza felemu yonse. Yamabawuti mumangomasula n'kuika ina, koma ikang'aluka wowotcherera wa pamsika sangaithe, chifukwa aluminiyamu amafuna makina apadera owotcherera, monga otchedwa TIG.

Komabe dzina la pathanki si limene limathyola kapena kupulumutsa felemu. Felemu siduka tsiku limodzi. Imayamba ndi kamng'alu konga tsitsi, pamalo odziwika, ndipo kamakula pang'onopang'ono ndi bampu iliyonse. Amene amayang'ana malo amenewa kamodzi pamwezi amakagwira kadakali kakang'ono.

Yambani ndi kutsuka njinga, chifukwa dothi la msewu wa Mayani kapena Kasinje limabisa chilichonse. Chotsani chishalo, thanki ndi zotchinga za m'mbali, mutenge tochi. Unikani pakhosi, pomwe paipi ya mahandulo yawotchereredwa ku felemu, makamaka kunsi kwake. Pitani pa timakutu tomangirapo injini, pamene swingarm (chitsulo chogwira tayala lakumbuyo) yalumikizana ndi felemu, pomangira mashoko chakumwamba, pomangira zopondera, ndi pamabowo omangira kaliyala. Chimene mukufuna ndi penti wosweka mwa kamzere, kapena kafumbi kofiira ka dzimbiri kotsata m'mphepete mwa powotcherera. Kafumbi kameneka kamatuluka pamene mbali ziwiri za mng'alu zikukhulana.

Mukakayika, pali njira yakale yosalira ndalama. Palani penti pamalopo, pakani palafini, dikirani mphindi 15, pukutani mpaka pauma, kenako wazani choko choperapera. Ngati pali mng'alu, palafini amene analowa mkati amabwerera n'kujambula mzere wonyowa pachokopo.

Kenako ikani njinga pa chitsa kapena kreti kuti tayala lakutsogolo lilendewere. Gwirani mafoloko kunsi, mukoke ndi kukankha. Mukamva kuti go go, mabering'i a pakhosi akhwepa. Tembenuzani mahandulo pang'onopang'ono: akamakakamira pakati ngati agwera m'kadzenje, mabering'i adyeka, sinthani. Osazengereza apa, chifukwa bering'i yokhwepa imamenya khosi ngati hamala mpaka pokhala pake kukula, ndipo pamenepo yatsopano siigwiranso bwino. Kumbuyo chitani chimodzimodzi, kwezani tayala mulikankhire kumanzere ndi kumanja. Likamasewera, mabushi a swingarm kapena mabering'i a tayalalo atha.

Pofuna kudziwa ngati felemu inapindikapo, makamaka pogula njinga yogwirapo kale ntchito, tengani chingwe cha mamita 5. Chizungulizeni kumbuyo kwa tayala lakumbuyo, chakumunsi, mukokere nsonga zonse kutsogolo, chingwe chikhudze m'mbali mwa tayalalo kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Wongolani mahandulo. Mpata wa pakati pa chingwe ndi tayala lakutsogolo ufanane mbali zonse. Ukasiyana, yambani mwaona ngati zokokera tcheni zili pa mzere wofanana. Zikakhala zofanana koma mpata n'kusiyanabe ndi theka la sentimita kapena kuposa, ndiye kuti felemu, swingarm kapena mafoloko zinapindika.

Mabawuti a injini ambiri amawapeputsa. Pa njinga zambiri za 125 ndi 150 felemu ilibe paipi yodutsa pansi pa injini; injiniyo ndi imene imalumikiza felemu kuti ikhale yolimba. Bawuti imodzi ikakhwepa, mphamvu yonse imathamangira kukhosi ndi ku timakutu totsalato, bowo n'kuyamba kutalika ngati dzira. Mangani ndi sipanala yokwana bwino, ndipo bawuti yosowa muibwezere ndi yolembedwa 8.8 pamutu, osati yofewa ya pageti. Ngati pali sipanala yoyezera mphamvu, bawuti ya mamilimita 8 imafuna pafupifupi 25 Nm (muyeso wa pa sipanalayo), ya mamilimita 10 pakati pa 35 ndi 40 Nm, pokhapokha buku la njingayo litanena zina.

Chimene chikupha mafelemu ambiri kuno ndi kaliyala yotalikitsa. Katundu akakhala kumbuyo kwa ekiselo ya tayala lakumbuyo, amapanikiza felemu ngati munthu wotsamira kunsonga kwa mgwala, ndipo pabampu kulemerako kumachuluka kangapo. Ngakhale pa njinga zodula zija, kakaliyala ka kumchira nthawi zambiri kamaloledwa makilogalamu 5 mpaka 10 okha. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 likhale pamalo a wokwera kumbuyo, pafupi ndi msana wanu, lomangidwa kuti lisadumphe. Ngati kaliyala yaikulu ndi yosapeweka, ikhale ndi miyendo iwiri yotsikira pomangira zopondera zakumbuyo. Ndipo mashoko otha, omwe amagunda pansi njinga ikalowa m'dzenje, sinthani onse awiri pamodzi. Kugunda kumeneko kumapita molunjika ku felemu.

Mng'alu ukapezeka ku mbali yakumbuyo ya felemu yachitsulo, umakonzeka, koma osati mwa kungopaka moto pamwamba. Chotsani thanki muiike kutali, masulani batire ndi CDI (kabokosi kopereka moto ku pulagi) kapena kompyuta ya injini. Boolani kabowo ka mamilimita 3 kunsonga zonse za mng'alu kuti usapitirire, kenako palani mzerewo ndi galayinda ukhale kangalande. Mapaipi a felemu ndi opyapyala, mamilimita awiri kapena kuchepera, choncho wowotcherera agwiritse ntchito ndodo ya 2.0 kapena 2.5 ndi moto wochepa, pang'onopang'ono; makina owotcherera ndi waya otchedwa MIG akapezeka ndiye bwino koposa. Waya wa efi aumange pafupi ndi powotcherapo, kuti magetsi asadutse m'mabering'i. Paipi ikaduka yonse, alowetse kapaipi kena mkati kotalika masentimita 8 mpaka 10, aboole timabowo pa yakunja n'kuwotcherera momwemo. Asathirepo madzi kuti pazizire msanga, pazizire pokha, kenako pakani penti. Kumata chitsulo chokhuthala cha pakhonde pamwamba pa mng'alu kumaoneka kolimba, koma kumaumitsa malo amodzi, ndipo mng'alu wina umabadwira pomwe chitsulocho chathera.

Pakhosi ndiye nkhani ina. Khosi long'aluka kapena lopindika musaliwotcherere pamsika kapena kuliwongola ndi moto. Likathyoka pa liwiro potsika Khwekhwelere, tayala lakutsogolo limachoka ndi mahandulo omwe. Pamenepanso ndi pomwe pamadindidwa nambala ya chasisi, ndipo ikapalidwa kapena kukwiriridwa ndi moto mudzavutika ku Road Traffic ndi pa zipata za apolisi. Felemu yotere ndi yosintha, ndipo musanagule ina funsani ku Road Traffic momwe nambala yake ilowere m'mapepala a njinga yanu.