Alenje, Pitani Kumsonkhano wa Oteteza Nyama Muli ndi Buku M'manja

Pamisonkhano yambiri imene alenje amakumana ndi a mabungwe oteteza zachilengedwe, nkhani imafa isanabadwe. Alenje amakhala mbali yawo atapinda manja, poganiza kuti kwabwera anthu odzawalanda mfuti. A bungwe nawo amayang'ana mlenje aliyense ngati wopha nyama mozemba. Dzuwa likapendeka aliyense amabwerera kwawo ndi mawu ake, kutchire nyama zikunka zichepa. M'malangizo ano ndikulankhula ndi inu alenje, chifukwa nyama zikatha ovutika ndi inu. Wa bungwe ntchito yake ikatha amamanga katundu n'kupita kwina, inu n'kutsala ndi tchire la zii.

Ndiyambe ndi lamulo, poti popanda ilo palibe choti tikambirane. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake a kasakidwe. Ku Kenya boma linaletsa kusaka nyama zikuluzikulu mu 1977 ndipo chiletsocho chilipobe, pamene ku Namibia, Zimbabwe, Zambia ndi Tanzania kusaka n'kololedwa kwa amene ali ndi chiphaso, m'malo ndi m'nyengo zoikika. Pitani ku ofesi yoona za nyama zakutchire mukafunse nyama zololedwa, zida zololedwa, miyezi yotsegula ndi yotseka. Pitani nokha, musatume munthu: kandimverere adakanena za m'maluwa. Palibe bungwe limene lingasainirane pangano ndi gulu la alenje lopanda mapepala.

Ena amaganiza kuti mlenje ndi woteteza nyama ndi mphaka ndi khoswe chibadwire. Mbiri ikukana. Ku America, m'zaka za m'ma 1800, osaka nyama zogulitsa anapulula njati za kumeneko mpaka kutsala zowerengeka, ndipo mtundu wina wa nkhunda umene unkauluka m'magulu odetsa thambo unatheratu. Yomaliza inafera kumalo osungira nyama ku Cincinnati mu 1914. Ena mwa oyamba kudzidzimuka anali alenje eniake. Theodore Roosevelt, amene anadzakhala pulezidenti, anayambitsa ndi anzake gulu la Boone and Crockett Club mu 1887 kuti limenyere malamulo a kasakidwe. Mu 1937 kunabwera lamulo la Pittman-Robertson, lakuti msonkho wa pa mfuti zosakira ndi zipolopolo, umene lero ndi 11 peresenti, uzipita kuntchito yosamalira nyama ndi malo ake. Mfundo imene ndimaikonda m'lamuloli ndi yakuti chigawo chofuna kulandirako ndalamazo chiyenera kutsimikiza kuti ndalama za ziphaso za alenje sizikupatutsidwira kwina. Agwape a mchira woyera, amene cha m'ma 1900 ankayerekezedwa kuti atsala osapitirira 500,000, lero ali pafupifupi 30 miliyoni.

Musanakhale pansi ndi bungwe, dziwani kuti mabungwewa si amodzi. Alipo amene nkhawa yawo ili pa mtundu wa nyama ndi malo ake. Kwa iwo mphalapala zitatu zikaphedwa mwalamulo gulu likukulabe, palibe mlandu. Alipo enanso amene amakana kuphedwa kwa nyama iliyonse chifukwa cha ululu umene nyamayo imamva. Awa simudzawatembenuza, ndipo musataye nthawi kuwanyoza, pakuti pa nkhani ya makhwekhwe ndi poizoni mudzapezeka kuti muli mbali imodzi. Funsani poyera tsiku loyamba lomwelo ngati bungwelo limavomereza kusaka kwalamulo. Yankho lake ndilo lidzakuuzani ntchito zimene mungagwire limodzi.

Tsono chimene ndikufuna muyambe sabata ino ndi buku. Mlenje amadziwa zinthu zimene katswiri wochokera kutali zingamutengere zaka: kumene ngoma zimamwa madzi m'chilimwe, kusiyana kwa mapazi a dzulo ndi a m'mawa uno, mwezi umene nswala zimaswa. Koma nzeru za m'mutu pamsonkhano zimatengedwa ngati nkhambakamwa. Inu mukati nyama zilipo zambiri, wa bungwe amati zatha, woweruza palibe. Choncho gulani buku lachikuto cholimba, lizikhala ndi mlembi wa gulu, ndipo aliyense wochokera kutchire alembetse asanavule nsapato. Alembetse tsiku, malo, maola amene wayenda, nyama zimene waona, zazimuna zingati, zazikazi zingati, ana angati. Ngati wapha, alembetse mtundu wa nyamayo ndi msinkhu wake. Ngati walasa nyama n'kumupulumuka, alembetsenso, pakuti nyama yotero kawirikawiri imakafera kutsogolo ndipo iyenera kuchotsedwa pa mlingo wa nyama zololedwa kusaka chakacho.

Tsiku limene munthu wabwera chimanjamanja, osaona ngakhale phazi, ndilo lofunika koposa m'bukumo. Ambiri amalidumpha chifukwa cha manyazi, ndipo ine ndimawapempha ndithu kuti asatero. Maola ndiwo amaulula zoona. Ngati chaka chatha munkayenda maola awiri kuti muone gulu la nswala koma chaka chino mukuyenda asanu, nyama zikuchepa, ngakhale zimene mwapha zikhale zofanana ndi za chaka chatha. Mlenje waluso amapitiriza kupha nyama zili pafupi kutha, ndiye kuwerenga zophedwa zokha kumapusitsa.

Njira imeneyi anzathu anaiyesa kale. Kumpoto chakumadzulo kwa Namibia, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, chilala ndi kupha nyama mozemba zinachepetsa kwambiri njovu ndi zipembere. Garth Owen-Smith anagwirizana ndi mafumu a m'deralo kuti asankhe anthu awo okhala alonda a nyama, ndipo ena mwa osankhidwawo anali alenje amene kale ankapha mozemba, poti ndiwo ankadziwa kulonda mapazi. Mu 1996 boma linasintha lamulo kuti midzi yolembetsa madera ake ikhale ndi ufulu wopindula ndi nyama, ndipo madera anayi oyamba analembetsedwa mu 1998. Lero alipo oposa 80. Alonda a m'maderawa amalemba zochitika m'mabuku, chaka ndi chaka amawerenga nyama pamodzi ndi aboma ndi a mabungwe, ndipo mlingo wa nyama zosaka umachokera pa ziwerengerozo. Chilala chikakula, mlingo umatsika.

Inunso pemphani kuti kalembera wa nyama muzichitira limodzi ndi bungwe. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Muziyenda njira zomwezo, mwezi womwewo, m'mawa nthawi yomweyo chaka chilichonse, mlenje ndi wa bungwe phewa ndi phewa. Chiwerengero chimene nonse mwachiona ndi maso palibe amene angadzachikane pamsonkhano.

Pa kasankhidwe ka nyama, siyani zazikazi za bere ndi zoyamwitsa, ndipo miyezi yoswana muitseke nokha ngakhale lamulo litakhala chete. Lozani zazimuna zokalamba, zimene zinasiya kale mbewu. Pa mkango m'pofunika kusamala mwapadera. Waumuna ukaphedwa ana ake akadali aang'ono, wolowa m'malo mwake umapha anawo kuti yaikazi ikhale yokonzeka kukwerana msanga, motero chipolopolo chimodzi chimatha banja lonse. N'chifukwa chake ku Tanzania ndi ku Niassa m'dziko la Mozambique anaika muyezo wakuti mkango wosaka ukhale wa zaka 6 kapena kuposa.

Pali zizolowezi zimene muyenera kuzitula pansi musanapemphedwe, ndipo muzilembe m'malamulo a gulu lanu. Khwekhwe la waya silisankha. Mwatchera gwape, logwidwa ndi mmbulu, mkango, kapena chitamba cha njovu, ndipo nyama zambiri zimaolera pamsampha mwini asanabwere kudzaonja. Moto wosakira umapha mazira, ana a nyama ndi msipu umene nyama zomwezo zikanadya. Poizoni ndiye woipitsitsa. Mu June 2019 ku Botswana miimba 537 inapezeka itafa itadya mitembo itatu ya njovu yothiridwa mankhwala, ndipo muimba umaikira dzira limodzi lokha pachaka. Taganizani zaka zofunika kuti chiwerengero chotere chibwerere.

Nkhani ya mtovu alenje ambiri sanaimvepo, choncho ndiifotokoze. Chipolopolo cha mtovu chikalowa m'thupi la nyama chimanyenyeka tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene timamwazika kutali ndi bala. Matumbo amene mumasiya kutchire amadyedwa ndi miimba ndi ziombankhanga, ndipo mtovuwo umazipha pang'onopang'ono. Nyama imene mwanyamula imadyedwa ndi ana anu, ndipo mtovu umaononga ubongo wa mwana. Ku America analetsa mtovu posaka abakha ndi atsekwe akutchire mu 1991, ndipo chigawo cha California chinauletsa pa kusaka kulikonse kuyambira 2019. Kumene zipolopolo za kopa zikupezeka, sinthani. Kumene kulibe, kwirirani matumbo mozama, ndipo mnofu wozungulira bala muudule n'kuukwirira limodzi.

Muzidziweruzanso nokhanokha, chifukwa cholakwa cha mlenje mmodzi chimagwera onse. Mu July 2015 mlenje wochokera ku America anapha mkango wotchedwa Cecil kunja kwa malire a nkhalango ya Hwange ku Zimbabwe. Mkangowo unali ndi kolala yolondolera mayendedwe ake, imene anauveka pakhosi ofufuza a yunivesite ya Oxford. Dziko lonse linakwiya, makampani angapo a ndege anasiya kunyamula mitu ndi zikopa za nyama zina, ndipo alenje amene sanakhudzidwe nazo n'komwe anapweteka nawo. Nyama yovala kolala kapena chizindikiro pakhutu musaiwombe. Mukaiona, lembani malo n'kudziwitsa eni kafukufukuyo. Kachinthu kakang'ono kotere kamatsegula makomo amene msonkhano wa tsiku lonse sungatsegule.

Komatu musapite kukangopereka. Inunso muli ndi zoti mufunse, ndipo muzifunse mosanyengerera. Choyamba ndi ndalama. Ku Zimbabwe pulogalamu ya CAMPFIRE, imene inayamba mu 1989, inapatsa madera akumidzi mwayi wopindula ndi nyama, koma ndalama zinkadutsa kumakhonsolo, ndipo m'madera ambiri anthu ankadandaula kuti zofika kumudzi n'zochepa komanso zochedwa. Ku Pakistan, pa mbuzi ya m'mapiri yotchedwa markhor, anakhazikitsa kuti 80 peresenti ya ndalama za chiphaso izipita kumidzi. Anthu anayamba kuzilonda okha mbuzizo, zinachuluka, ndipo mu 2015 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linazichotsa m'gulu la nyama zimene zili pangozi yaikulu yakutha. Pangano lanu linene gawo lanu, akaunti imene ndalama zidzalowe, tsiku lake, ndi amene adzawerenge malipoti pamaso pa anthu onse. Linenenso kagawidwe ka nyama yophedwa, komanso amene adzathamange njovu ikalowa m'munda, ndi kuti adzafika pasanathe maola angati.

Muikemonso mawu akuti mbali iliyonse isasinthe kanthu popanda msonkhano. Botswana inaletsa kusaka mu 2014, midzi imene inkadalira ndalama za alenje obwera inataya chuma ndi ntchito, madandaulo a njovu m'minda anakula, mpaka chiletsocho chinachotsedwa mu 2019. Bungwe limene likufuna kuti kusaka kuimitsidwe libwere ndi ziwerengero zake, inu mubwere ndi buku lanu.

Ndikudziwa kuti ena mwa owerenga amasaka popanda chiphaso chifukwa cha njala, osati mwano. Kwa inu ndikuti funsani bungwe chimene lingaike m'manja mwanu mukapereka zida. Kuchigwa cha Luangwa ku Zambia, bungwe la COMACO limalandira mfuti ndi makhwekhwe kwa amene ankapha mozemba, n'kuwaphunzitsa ulimi ndi ulimi wa njuchi, kenako n'kumawagula zokolola. Kumeneko ndiko kusinthana kwachilungamo. Bungwe longolanda waya osasiya njira ina yopezera chakudya lidzapeza waya watsopano mwezi wamawa.

Panganolo likhale ndi tsiku lodzaliunikanso chaka chilichonse, kalembera wa nyama akangotha, ndipo mugwirizane pasadakhale kuti chiwerengero cha mtundu wina chikatsika zaka ziwiri zotsatizana, mtunduwo mudzaupumitsa mpaka udzabwerere. Mfundo yotere imavuta kuigwirizana nyama zitachepa kale, mitima ili m'mwamba, choncho ilembeni lero zinthu zikadali bwino. Liwerengedwe mokweza m'chiyankhulo chimene aliyense akumva asanasaine, ndipo likhale m'makope atatu: limodzi kwa inu, lina kubungwe, lachitatu ku ofesi ya boma yoona za nyama zakutchire.