Mwana akasunga mkwiyo mumtima, mumuthandize bwanji?

Mwafunsa za mwana wazaka 6 amene akaweruka kusukulu amangolira kapena kumenya mng'ono wake popanda chifukwa. Wakhala chete tsiku lonse, ndipo mawu ofotokozera zakukhosi alibe. Zimatulukira m'thupi. Muthandizeni pomupatsa mpata wosewera momasuka kuti mkwiyowo utuluke.

Choyamba adye, amwe madzi. Mwana wanjala sachedwa kuyambana ndi anzake. Dzuwa la kuno ku Mangochi mukulidziwa, choncho dikirani cha m'ma 4 koloko madzulo.

Malo akhale pamchenga kapena pansi pa mtengo wa mango. Tolani mabotolo osweka, minga ndi mbedza za asodzi. M'madzi odikha a m'mphepete mwa nyanja kapena mu Shire asalowemo: muli nkhono zofalitsa likodzo, ng'ona nazo zilimo.

Lamulo ndi limodzi basi: osapweteka mnzake, osadzipweteka. Mupatseni mpira wachikulunga, dongo, kapena chitini choti aziimba ngati ng'oma. Athamange, akuwe, agubuduke kwa mphindi 20 mpaka 30.

Apa ndiye akuluakulu ambiri amalakwitsa. "Usadetse malaya," "usachite phokoso," masewera aja afera pomwepo. Muvekeni zovala zakale, inu mukhale chapatali pang'ono, foni m'thumba. Akayamba kulira masewera ali mkati, musamutontholetse msanga. Senderani pafupi, alire mpaka aleke yekha.

Kukatsala mphindi 5 muuzeni kuti nthawi yatsala pang'ono, chifukwa kumudula mwadzidzidzi kumadzutsanso mkwiyo. Akamasamba musamupanikize ndi mafunso. Ambiri amayamba okha kufotokoza.

Zikapitirira masabata angapo, akukana chakudya kapena wayambanso kukodza pogona, pitani naye kuchipatala.