Malikisi a LSAT atsika: kodi mulembe kalata yofotokoza?

Amene mukufuna kukaphunzira zamalamulo ku America pa digiri ya JD, ya zaka zitatu ija, mukudziwa kuti chipata chake chachikulu ndi mayeso a LSAT. Amakonza ndi bungwe la LSAC, ndipo malikisi ake amayambira pa 120 mpaka 180. Zotsatira zikatuluka zosakoma, ambiri amathamangira kulemba kalata yodandaula. Dekhani kaye, abale anga.

Yambani ndi kufufuza ngati malikisi anuwo ndi otsikadi. Sukulu iliyonse yovomerezeka ndi bungwe la maloya la ABA imatulutsa chaka ndi chaka lipoti lotchedwa Standard 509, losonyeza malikisi a ophunzira amene inawatenga. Mukaliona mupeza kuti 158 ndi wotsika ku Harvard kapena ku Yale, koma kusukulu zina zambiri ndi malikisi onyaditsa. Ngati muli pakatikati pa anzanu, palibe choti mufotokoze.

Dziwaninso kuti palibe chobisika. LSAC imatumiza kusukulu malikisi anu onse a zaka zisanu zapitazi. Chosangalatsa nchakuti kuyambira 2006 sukulu zimapereka ku ABA malikisi apamwamba a wophunzira aliyense, kotero zambiri zimayang'ana kwambiri amenewo. Nchifukwa chake ine ndimati ngati nthawi ndi ndalama zilipo, konzekerani bwino nkulembanso. Mumaloledwa kasanu pa zaka zisanu, kasanu ndi kawiri pa moyo wanu wonse. Malikisi atsopano amakuyankhulirani kuposa kalata ina iliyonse.

Nanga kalatayo, imene kumeneko amati addendum, ndi ya ndani? Ndi ya munthu amene ali ndi chifukwa chenicheni, choti nkuchitchula ndi tsiku lake. Mwina munalowa mayeso mukudwala, mwina munali mutangoika maliro a mayi anu sabata yomweyo, mwina kompyuta kapena intaneti inakuvutitsani mayeso ali mkati. Mfundo zake zikhale zitatu basi: chinachitika nchiyani, chinachitika liti, nanga umboni woti vutolo linatha ndi uti. Mwachitsanzo: "Ndinalemba mu June patangotha masiku anayi nditatuluka m'chipatala, ndipo ndinapeza 149. Nditachira ndinalembanso mu October nkupeza 161. Ndikupempha kuti muone malikisi achiwiriwo." Zatha pamenepo. Theka la tsamba ndi lokwana, chifukwa amene amawerenga amakhala ndi mulu wa mafomu patebulo.

Pali gulu lina limene ndimalimvera chisoni kwambiri. Awa ndi aja amene mayeso othamangitsana ndi nthawi sawayanja, koma m'kalasi amakhoza bwino. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, musangonena kuti "ine mayeso otere sandiyendera". Onetsani manambala: pa SAT, mayeso olowera ku koleji ku America, munapeza zochepa, komabe digiri yanu yoyamba munamaliza muli pakati pa ochita bwino. Mukatero mwapereka umboni wakuti mayeso anakuyezani molakwika kale, ndipo mwina atero kachiwiri. Popanda mbiri yotereyi, mfundoyi ilibe miyendo.

Za Chingerezi samalani nazo. Ife amene tinakula ndi Chichewa pakamwa, kuwerenga ndime zazitali nkuyankha mafunso m'mphindi 35 ndi ntchito yaikulu, ndipo palibe cholakwa kutchula zimenezi. Koma kumbukirani kuti sukulu ya zamalamulo ndi kuwerenga usana ndi usiku. Mukangoti Chingerezi chimakuvutani, mwadzitsekera nokha chitseko. Nenani kuti liwiro ndilo linakuchepetsani, kenako lozani kafukufuku amene munalemba kapena ntchito imene mwagwira m'Chingerezi.

Musaloze chala amene anakonza mayeso, musati munali ndi mantha, musati ntchito inachuluka ndiye simunakonzekere. Wowerenga angodzifunsa kuti nanga munalemberanji musanakonzeke. Nkhaniyi musailowetsenso m'kalata yofotokoza mbiri yanu ndi cholinga chanu. Imeneyo ndi malo oonetsa mphamvu zanu.

Ngati muli ndi ulumali kapena matenda okhalitsa, pemphani ku LSAC nthawi yoonjezera musanalembe. Ndipo ngati pa tsiku la mayeso zasokonekera, muli ndi masiku 6 mutalemba oti mufafanize zotsatira, ngakhale sukulu zidzaona kuti munafafaniza.

Sukulu zambiri tsopano zimalandiranso GRE, mayeso ena olowera maphunziro a pamwamba pa digiri yoyamba, m'malo mwa LSAT. Inayamba ndi University of Arizona mu 2016, Harvard nkutsatira mu 2017. Koma ngati munalemba kale LSAT, malikisi ake adzaonekabe. Inu amene muli ndi LLB, digiri yoyamba ya zamalamulo, ya ku Zomba kapena ku Lusaka ndipo mukufuna LLM, digiri ya masitazi ya zamalamulo, nthawi zambiri LSAT sikukukhudzani, zimene mungafunsidwe ndi mayeso a Chingerezi a TOEFL kapena IELTS.

Mukamaliza kulemba, ipatseni munthu amene sakudziwa nkhani yanu awerenge. Mufunseni akuuzeni chimene chinachitika ndi chimene chinasintha. Akalephera kuyankha chachiwiricho, musatumize kaye.