Momwe Mungayezere Phindu la Kafukufuku wa Katswiri wa Matenda a Impso

Mwamva dokotala wina akutamandidwa kuti ndi katakwe pa matenda amene amayamba chitetezo cha m'thupi chikasokonekera n'kuyamba kuwononga impso za mwini wake. Musangotengeka ndi mbiriyo. Mungathe kufufuza nokha pafoni kapena pakompyuta.

Choyamba, tsimikizani kuti munthuyo ndi yemweyo. Mayina amafanana, choncho funani nambala yake ya ORCID, ya manambala 16, imene ofufuza ambiri amaika pa zolemba zawo.

Kenako lowani pa PubMed, nkhokwe yaulere ya National Library of Medicine ya ku United States. Lembani dzina lake limodzi ndi dzina la matenda a impso ngati lupus nephritis kapena IgA nephropathy. Zolemba zikatuluka, onani pamene dzina lake lili pamndandanda wa olemba. Pa zachipatala, woyamba kawirikawiri ndiye anakhetsa thukuta, wotsiriza ndi mkulu wa gululo. Amene nthawi zonse amapezeka pakati pa mayina 40 mwina amangothandizako pang'ono.

Chachitatu, pitani pa Google Scholar muone h-index yake, muyezo umene Jorge Hirsch anayambitsa mu 2005. Ngati ili pa 30, ndiye kuti ali ndi zolemba 30 zimene chilichonse chatchulidwa m'zolemba zina kosachepera ka 30. Nambalayi imakopa maso, koma musaidalire kwambiri. Imakula ndi zaka, motero wachinyamata waluso amaoneka wochepa pafupi ndi nkhalakale. Ena amaikweza potchula zolemba zawo zomwe mobwerezabwereza. Komanso Google Scholar nthawi zambiri imapereka nambala yokwera kuposa nkhokwe zina ngati Scopus ndi Web of Science, ndiye poyerekeza anthu awiri gwiritsani ntchito nkhokwe imodzi.

Magazini amene amasindikiza zolemba zake nawonso aoneni. Kidney International ndi Journal of the American Society of Nephrology amalemekezedwa, koma dzina la magazini palokha silitsimikizira kuti ntchitoyo ndi yolimba.

Tsopano funso limene ine ndimaliona lalikulu: kodi zimene anapezazo zinasintha mmene odwala amathandizidwira? Tione chitsanzo. Matenda a membranous nephropathy amachititsa puloteni kutayikira mumkodzo, thupi n'kutupa, ndipo kwa zaka zambiri madokotala sankadziwa chimene asilikali a m'thupi amalimbana nacho mu impso. Mu 2009, Laurence Beck, David Salant ndi anzawo ku Boston analemba mu New England Journal of Medicine kuti ndi puloteni yotchedwa PLA2R. Anapeza asilikali olimbana nayo mwa odwala pafupifupi 7 pa 10 alionse amene matendawa analibe choyambitsa china chodziwika. Posakhalitsa panabwera njira yoyezera magazi. Pofika mu 2021, malangizo a KDIGO, bungwe la padziko lonse lolemba malangizo a chithandizo cha matenda a impso, ananena kuti wodwala amene akutaya puloteni yambiri mumkodzo, magazi ake akasonyeza asilikaliwa, sipafunikanso kuchotsa kachidutswa ka impso kuti matendawa atsimikizike. Amene anaonapo singano ya ntchito imeneyi akudziwa kukula kwa nkhaniyi.

Ndiye tsitsani malangizo a KDIGO okhudza matenda amene katswiri wanu amafufuza, ndi aulere, mufunefune dzina lake kumapeto kumene amatchula zolemba zimene anadalira. Ngati amayesa mankhwala pa anthu, onaninso pa ClinicalTrials.gov, kaundula wa kafukufuku wotere, ngati kafukufukuyo anatha n'kutulutsa zotsatira.

Pomaliza, lembani dzina lake mu nkhokwe ya Retraction Watch muone ngati pali zolemba zake zimene zinachotsedwa m'magazini zitasindikizidwa kale, ndiponso chifukwa chake, pakuti kulakwitsa kosadziwa n'kosiyana ndi kupeka manambala. Musaiwalenso kawiri kapena katatu kuwerenga tizilembo ta kumapeto kwa zolemba zake, pamene amaulula amene analipira kafukufukuyo ndi makampani a mankhwala amene amam'patsa ndalama.